Mabulosi Pansi, Buledi Pamwamba

Adzukulu anga amati agogo awo aamuna sadziwa kuphika ngakhale madzi. Ndimangowavomera, chifukwa munthu ukakalamba ndi bwino anthu aziganiza kuti sudziwa kanthu, amakusiya pamthunzi. Koma lero ndalemba, ndipo odziwa kuwerenga awerengere anzawo: ine ndinaphikapo, ndipo ndinaphika chinthu chimene ngakhale amayi awo odzitama ndi masitovu sanachilawepo. Zilembo zanga muzikhululukire, sukulu ndinaisiya isanandizolowere.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini kumudzi kwa mkazi wanga, kuseri kwa mapiri a kuno ku Dedza, kumene mphepo ya m'mawa imaluma makutu ngakhale mwezi wa Okutobala. Inu a masiku ano amene mumadya mbale imodzi ndi apongozi anu, mpaka kuwatuma kuti akupatsireni madzi, simungamvetse. Ife apongozi aakazi tinkawathawa. Ukawaona akubwera m'njira unkapatukira kutchire, kaya kuli minga, kaya kuli linthumbu, n'kunjuta pomwepo mpaka adutse. Iwonso ankatembenuza nkhope. Mawu ankadzera mwa munthu wina. Ine ndinakhala pamudzi paja kupitirira chaka osadziwa bwinobwino nkhope ya apongozi anga. Ndinkawadziwira zidendene ndi katsokomoledwe. Amuna awo anali atamwalira kale, choncho nkhokwe, khola ndi khitchini, zonse zinali m'manja mwawo. Ine changa chinali khasu ndi bulangete.

Ntchito yanga inali yocheka matabwa m'nkhalango ya paini kuphiri. Macheka aja aatali a anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje. Ine ndinali wa m'dzenje, womwa utuchi. Tinkagona komweko m'misasa, kumudzi n'kumabwera mwa apo ndi apo. Ndili komweko uthenga unandipeza wakuti mkazi wanga wachira, mwana ndi wamkazi, koma ndifulumire. Sindinafunse zambiri. Munthu akachira bwino mwamuna samufulumizitsa.

Anali atataya magazi ambiri pobereka. Asisitere a kuchipatala cha mishoni anamusunga, kenako anamutulutsa ndi timapiritsi tofiira. Sisitere wamkulu anati mapiritsi paokha sangathandize, mayiyu adye, akapanda kudya magazi sabwerera ndipo timutaya. Koma kudyako n'kumene kunakanika. Phala likangofika pakhosi linkabwerera. Thobwa chimodzimodzi. Anamuphera nkhuku, fungo lokha la msuzi linamusanzitsa. Anamuphwanyira kachewere, anangomuyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Akazi a pamudzi ankabwera aliyense ndi kambale kake kovundikira, n'kubwerera nako kali chivundikirire.

Mkazi wanga anali munthu wa thupi, woti akaseka mtsuko unkagwedezeka pamutu, ndipo mawu ake ankamveka kuchokera kudimba. Tsopano anali gone pamphasa, zii, milomo itayera, chibangili chikutsetsereka mpaka pachigongono. Mkaka unayamba kuuma. Mwana ankamuyamwitsako mkulu wake wa mkazi wanga, amenenso anali ndi khanda.

Pamudzi anthu akasowa chochita amafuna wolakwa, ndipo mkamwini amakhala pafupi. Tsiku lina atsibweni ake a mkazi wanga, alongo awo a apongozi, anandiitanira kuseri kwa khola. Anayamba anunkhiza fodya, kuyetsemula, kupukuta mphuno, ine ndili chinjutire.

"Bambo, kuphiri kuja mumagona bwanji?"

"Chammbali, atsibweni. Msasa ndi wopanikiza."

"Musandiseweretse. Ndikufunsa kuti mumagona ndi yani."

"Ndi amuna anzanga, ndi nsikidzi. Panja pali anyani."

"Akazi ogulitsa mowa safikako?"

"Phiri lija? Angafike mowa utasasa."

Sanaseke. Anati amayi, apongozi anga aja, akuti matendawa si a chipatala, ndi tsempho. Ndifotokozere inu amene munabadwira m'tauni. Akuluakulu ankati mwamuna akayenda ndi mkazi wina pamene wake ali ndi pakati, amabwera kunyumba ali wotentha, ndipo kutenthako kumadwalitsa mayi ndi mwana. Njira yake yaikulu ndi mchere. Wotentha akakhudza mchere wa m'chakudya, wodyayo amafota ngati nkhwani padzuwa. Tinali Akatolika ndithu, korona m'khosi, Misa osajomba, koma za mchere sitinkaseweretsa.

Ndinalumbira. Ndinatchula oyera mtima onse amene ndinkawakumbukira, ena ndinawabwereza. Ndinalibe mlandu, ndipo pano mutu uli mbuu ndilibe chifukwa chonamira. Inu nkhope yanga ya paunyamata simunaione, inkandithandiza kwambiri kusunga malamulo a Mulungu. Atsibweni anangopukusa mutu.

"Mwamva zimene amayi anena. Chakudya cha wodwala musachikhudze. Mchere musauyandikire. M'nyumba muzilekeza pakhomo. Lamulungu likubwerali, akakhala chimodzimodzi, ndikaitana bambo mfumu adzamudzoze."

Kudzoza ndinkakudziwa. Ansembe ankabwera ndi njinga yamoto, kupemphera, kuchoka, ndipo akangochoka amuna ankayamba kufunsana za matabwa. Wocheka matabwa pamudzi paja ndinali ine.

Choncho ndinkakhala pakhomo, miyendo panja, mutu wokha m'nyumba, kumawerenga nthiti za mkazi wanga pa nsalu imene anafunda. Tsiku lina masana, apongozi atapita kumadzi, ndinamva kunong'ona.

"Bambo a mwana."

"Ndili pano."

"Ndikanadya chija."

Ndinatsala pang'ono kugwera m'nyumba. "Chiti? Nenani. Kaya ndi chiwindi cha nyalugwe ndikachipeza."

"Chija cha kwa asisitere."

Ali mtsikana ankatsuka mbale kukhitchini kwa asisitere. Tsiku lina la chikondwerero sisitere wina wachizungu anaphika chinthu n'kumupatsako pakambale. Anachilawa tsiku lomwelo lokha, ndipo ine anali asanandiuzepo.

"Dzina lake n'chiyani?"

"Sanandiuze. Pansi mabulosi. Ofewa, otentha, madzi ake bii ngati inki. Pamwamba buledi."

"Buledi wa m'sitolo?"

"Ayi. Ngati chigumu, koma osati chigumu. Choyera. Kunsi chimamwa madzi a mabulosiwo, pamwamba chili chouma, chofiirira."

"Amayi mwawauza?"

"Akuti ndikubwebweta. Akuti mabulosi ndi a ana ndi apumbwa, saphika."

"Nanga sisitereyo?"

"Anabwerera kwawo kalekale." Anatseka maso. Timawu timeneto tinamutopetsa ngati walima ndime. "Basi, zisiyeni."

Zisiyeni! Munthu amene wakana nkhuku wapempha chakudya ndi pakamwa pake, ndiye ndizisiye? Mavuto ndinkawaona ndithu. Chinthucho sindinachionepo. Kuphika sindinkadziwa. Anandiletsa kukhudza chakudya chake, ndipo khitchini inali ya apongozi, malo amene mkamwini sapondako. Koma ndinagwira mfundo imodzi n'kuikakamira: chinthu chotsekemera sichifuna mchere.

Shuga ndinali naye, ndinabwera naye kuchokera kuphiri ngati mphatso ya wochira. Ufa wa tirigu ndinautsatira kumsika m'mawa mwake, wapansi, chigogogo. Pachipata anyamata a malaya ofiira anandiimitsa za khadi la chipani, ndinalitulutsa lonyowa ndi thukuta n'kudutsa. Mayi wina wokazinga mandasi anavomera kundipimirako ufa posinthana ndi chipewa changa, anati chiwakhala amuna ake. Ndinamufotokozera chimene ndikufuna kuphika. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mabulosi ophika? Inu mwamwa m'mawa uno?"

"Sindinamwe, mayi."

"Nanga akazi anu ali kuti, kuti mwamuna wandevu azifunsa za ufa?"

"Akudwala. Sakudya."

Anasiya kuseka, n'kuwonjezako ufa wa pamanja. "Mukande cholimbako, osati phala. Ndipo musaiwale soda, apo ayi muphika njerwa."

Ndinagwedeza mutu ngati soda ndi mnzanga wakale. Ndinakumbukira ndikuona kale madenga a kumudzi kuti sindinamugule.

Mwayi unabwera ndi ng'oma. Kunamveka kuti mkulu wa dziko adzafika m'boma lathu, ndipo amayi a m'midzi yonse anayenera kukayeserera magule pabwalo la sukulu. Mayi wa nthambi ya chipani anayenda khomo ndi khomo. Apongozi anadandaula kuti ali ndi wodwala. Anawayankha kuti wodwalayo ali ndi mwamuna, amuyang'anire. Masiku amenewo mawu otere sunkawayankha. Loweruka m'mawa akazi onse anavala nsalu zofanana n'kunyamuka, mkulu wake wa mkazi wanga atanyamula makanda onse, lake kumbuyo, lathu kutsogolo. Amuna anali kumadimba. Mudzi unatsala wa ine, wodwala, nkhuku ndi galu. Mawa lake linali Lamulungu.

Mtengo wa mabulosi unali kuseri kwa khola. Ana ndi apumbwa anali atamaliza a m'munsi, akupsa anatsala m'mwamba. Ndinakwera nsengwa ili m'mano. Nthambi za mabulosi si za munthu wamkulu, zinkalira pansi panga, ine n'kumazipepesa. Ndinatsika manja ali psuu ngati ndapha munthu, malaya atathimbirira, nsengwa itatsala pang'ono kudzaza.

Pakhomo pa khitchini ndinaima. Musaseke. Ndagwetsapo mitengo yoti ikakugwera sakupeza, koma kakhomo kaja kanandiopsa. Ndinati "Odi," ngakhale ndinkadziwa kuti mulibe munthu, n'kulowa chowerama. Chikho cha mchere chinali pansanja. Ndinachilambalala patali ngati njoka.

Chigumu ndinali nditaonapo akuphika: mphika wachitsulo, moto pansi, chilata pamwamba, makala pachilatapo. Ndinakoleza moto wa zitsononkho ndi nkhuni, moto woti ungawotche ng'ombe. Ndinakhuthulira mabulosi mumphika, shuga pamwamba pake. Ndinagawa ufa pakati, theka ndinasunga. Chimenecho chokha ndi chanzeru chimene ndinachita m'mawa umenewo.

Tsopano soda. Ndinakumbukira kuti akazi akasowa soda wa therere amathira chidulo, madzi aja otcheza paphulusa. Chidulo cha apongozi chinali m'botolo pakona, chodzaza mpaka pakhosi. Apa ndiye nzeru za sukulu yosamaliza zinagwira ntchito. Ndinati ngati chochepa chimatupitsa pang'ono, chambiri chitupitsa kwambiri, ndipo wodwala afuna chofewa. Ndinathira mu ufa. Ndinathiranso. China ndinakhuthulira m'mabulosi kuti nawonso afewe msanga. Pansi pa botolo panatsala timadontho. Ndinamata ufawo pamwamba, kuvundikira, kuunjika makala, n'kukhala pambali ndikudzitama mumtima.

Nditavundukula ndinabwerera m'mbuyo. Pamwamba chinali chachikasu. Pansi, pamene ndinayembekeza madzi akuda, panali biriwiri. Mabulosi aja anasanduka obiriwira motuwa ngati ndere za m'chithaphwi, fungo lake la sopo wochapira. Ndinalawa. Lilime linachita dzanzi. Ndinaponyera galu. Galu ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kupita kukagona kwina.

"Bambo a mwana." Kamawu kanachokera m'nyumba. "Ndamva utsi. Chapsa?"

"Chatsala pang'ono!"

Ndinakhala pamtondo n'kulira. Utsi unalimo m'khitchini, koma sindiunamizira. Theka la ufa linali litapita, dzuwa litakwera, ng'oma zikugunda kusukulu. Kenako ndinadzipeza ndikuchita chinthu chimene ntchito inandizoloweretsa: mumtima ndinkayeza kutalika kwa mkazi wanga, ndi kuganiza kuti thabwa liti lingakwane. Ndinadzimenya khofi ndekha, lamphamvu, n'kutola nsengwa.

Ndinakweranso mtengo mpaka kunsonga kumene kumafika mbalame zokha. Ndinapeza ochepa, osakanikirana ndi ofiira osapsa. Ndinathyola onse. Ndikubwerera ndinaona zidendene pakhomo pa khitchini, ndipo ndinazidziwa.

Ndinadziponya kuseri kwa nkhokwe, nsengwa pachifuwa. Apongozi anali atazemba kugule. Ndinamva pambuyo pake kuti ananamizira m'mimba. Anatuluka ndi mphika wanga n'kuuika pabwalo. Anadziwa kumene ndabisala, miyendo yanga inkaoneka kunsi kwa nkhokwe. Wotipititsira mawu panalibe. Ine kuthawa sindikanatha, iwo kundiyankhula sakanatha. Pomwepo thadzi lawo lamawanga linadutsa likutolatola. Anatembenuka kundipatsa msana, n'kuyankhula nalo.

"Nkhuku iwe. Ukawafunse bambo a kuseri kwa nkhokwe kuti mankhwala awa awatenga kwa sing'anga uti."

Ndinayankha ndili kuseri kwa nkhokwe. "Nkhuku, uwauze amayi kuti si mankhwala. Ndi chakudya."

"Chakudya chobiriwira chonchi! Uwauze kuti ndakalamba, ndaona zambiri. Munthu wopanda mlandu salowa m'khitchini mwa eni ake mudzi uli zii. Akufuna kuziziritsa mobisa zimene anatenthetsa. Anene. Akanena tikakumba mizu yeniyeni, mwana wanga achira. Anene basi, sindiwathamangitsa pamudzi pano."

Apa ndinamvetsa kuti mayi aja ankalakalaka nditalakwa. Tsempho lili ndi mankhwala ake odziwika, pamene matenda a mwana wawo anawasowetsa pogwira. Ndinatsala pang'ono kuvomera bodza kuti mtima wawo ukhale pansi. Koma akanamumwetsa mizu yowawa, iye n'kusanzanso, Lamulungu n'kufika.

"Nkhuku, uwauze kuti ndikanakhala nacho chonena ndikananena kalekale, ngakhale pagulu. Ndilibe. Mwana wawo wapempha chakudya cha kwa asisitere. Chibwerereni kuchipatala sanapemphe china. Mchere sindinaukhudze, akaone chikho. Chinthu chimenechi sichilowa mchere. Uwauze kuti ufa watsala wophika kamodzi, ine kuphika sindidziwa, ndipo mawa kukubwera ansembe."

Nkhuku inali itapita kale kukapalasa kudzala. Kenako ndinamva apongozi akununkhiza mphika, fwe, fwe.

"Ichi n'chidulo." Analowa m'khitchini, anatulukanso. "Mayo ine, chidulo changa! Botolo lonse! Nkhuku iwe, bwera kuno. Ukawafunse ngati amaphika chakudya kapena amafufuta chikopa."

"Uwauze kuti ndimati chifewe."

"Chifewe! Akanandiphera mwana ndi kupusa, tsempho lisanamuphe."

Anatulutsa mawu ena amene sindinadziwe ngati kunali kuseka kapena kulira. Analowanso m'khitchini, anatuluka ndi kanthu m'manja, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo. Anafunda nsalu kumutu mpaka kumaso, nkhope kukhoma.

"Uwauze alowe. Zanga zonse wazikana mwana ameneyu, ayese iwo. Koma achite zimene ndinene. Chikho cha mchere chili pamiyendo panga pano."

Tinaphika chotero, iwo akulamula khoma, ine ndikumvera ngati mwana wa katekisimu. Nkhuku sinabwerenso, koma dzina lake linkagwirabe ntchito.

"Akweche mphika ndi mchenga mpaka fungo lithe. Achotse timapesi ta mabulosi, wodwala angatsamwe. Madzi asathire, atulutsa okha. Osapsawo asataye, kuwawasa kumatsegula kukhosi."

"Nkhuku, nanga chidulo?"

"Timadontho tatsalato, mu ufa mokha. Akathiranso m'mabulosi ulemu ndiuika pansi, ndiwamenya ndi mthiko."

Anandiuza kumene thadzi lija linkaikira, ndinakatenga dzira likadali lofunda. Anandiuza kumene anabisa chipanda cha chambiko, ndi kambale ka mafuta amene anasungunula kunkhuku ija anaphera wodwala. Ndinaswa dzira, zikhokho zina zinagweramo, ndinazitola chimodzichimodzi iwo akudandaulira khoma kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wa zala ngati zichiri. Ndinakanda.

"Amve ndi chala. Chikamamatira ngati dothi lomatira nyumba, chakwana."

Chinthucho iwonso sanachionepo, koma ufa ankaudziwa. Nditati ndiphimbe mabulosi ndinaona kuti ufa sukwana. Ndinawauza kudzera mwa nkhuku. Anati ndingoponya timibulu apa ndi apo, tikatupa tikumana tokha.

"Moto wa pansi achotse, atsale makala ochepa. Wambiri ukhale pamwamba. Ndipo asavundukule."

Ndinakhala pang'ono. "Nkhuku, ndingosuzumira?"

"Asuzumire chiyani, muli mkwatibwi?"

Kudikira kumeneko n'kumene kunandiyambitsa imvi. Ng'oma kusukulu zinkasintha nyimbo. Apongozi ankadziwa kuti akawasowa kumeneko kubwera mafunso ovuta, koma sanasunthe. Ndinkamva mikanda ya korona ikugundana pansi pa nsalu yawo. M'nyumba munali zii, ndipo kukhala chete kumeneko ndinkakuopa kuposa chilichonse. Ndinkathamangira pakhomo kukamvetsera ngati akupuma, n'kubwerera kudzauzira makala, n'kuthamangiranso. Ndinalonjeza Mulungu zinthu zambiri tsiku limenelo, zina ndinazisunga.

Kenako fungo linasintha. La utsi linachepa, kunabwera lina lotsekemera, lowawasa pang'ono, limene linali lisanamvekepo pamudzi paja. Galu uja anabwerera n'kukhala pakhomo.

"Nkhuku," anatero apongozi motsitsa mawu, "uwauze aphule."

Mbali imodzi inali itapserera. Koma timibulu tija tinatupa n'kugundana, tofiirira, ndipo m'mipata mwake madzi akuda ankabwata akutulutsa thovu. Ndinapakulira m'mbale ya wodwala. Ndinaiika pansi pafupi ndi apongozi, n'kubwerera m'mbuyo kuti akapereke. Sanaikhudze.

"Wophika apereke yekha. Alowe."

Ndinalowa chogwada. M'nyumba munali mdima ndi fungo la matenda. Ndinamudzutsa n'kumutsamiritsa kukhoma. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Anayang'ana m'mbale nthawi yaitali, ine ndikudikira kuti atembenuze nkhope monga ankachitira ndi phala. Anatenga supuni. Anatapa pang'ono, anauzira, anaika m'kamwa. Anatafuna. Anameza.

"Si chimenechi," anatero.

Ndinamva ngati chipika chandigwera ndili m'dzenje.

"Cha asisitere chinali chofewa. Ichi mwachilimbitsa." Anatapanso. "Ndipo shuga mwachulutsa. Mumati mukuphikira njuchi?" Anatapanso, tsopano pansi, pamene ufa unamwa madzi. "Apa pokha ndiye pakuyesako. Nanga kupsereraku? Munagona?"

"Sindinagone, mayi a mwana."

"Tulukani. Mukundiyang'ana m'kamwa ngati galu."

Ndinatuluka. Ndinakhala pansi kumbali ina ya nyumba, msana kukhoma. Apongozi anali atasamukira kumbali inayo. Tonse tinkamvetsera chinthu chimodzi, phokoso lija la munthu amene chakudya chikubwerera, limene tinali titalizolowera. Mthunzi wa nkhokwe unasuntha. Ntchentche inatera padzanja langa lothimbirira, sindinaiingitse, kuopa kuphonya kanthu. Chimene tinamva chinali supuni ikukokota mbale, kwee, kwee. Kenako chete wautali. Kenako anapempha madzi, apongozi anathamanga nawo. Chete winanso, wautali kuposa woyamba. Ng'oma zinaleka kusukulu, ife tili chikhalire.

Sanasanze.

Dzuwa litapendeka mawu anatuluka m'nyumba, osakwera kwenikweni, koma anafika mpaka pamene ndinakhala.

"Bambo a mwana. Mphika uja mwatsuka?"

"Ayi!"

"Musatsuke. Bwerani nawo kuno, ndikokote zopsererazo."

Ndinathamangira kukhitchini, ndinapunthwa pamtondo, ndinadzuka, ndinaulanda mphikawo pamphuno pa galu, n'kukalowa nawo m'nyumba ndi manja awiri.